Mowa ndinasiya ndekha, koma kuthandiza ena ndinachita kuphunzira

Mwezi wathawu ndinalandira satifiketi yondilola kuthandiza anthu amene akuvutika maganizo komanso amene akufuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ndi pepala limodzi lokha, ndipo pansi pa dzina langa palembedwa mawu amene achemwali anga anawawerenga kawiri, onena kuti ntchitoyi ndiziigwira moyang'aniridwa ndi phungu wovomerezeka. Atamaliza kuwerenga anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, ndiye kuti tsopano mwanayu mumuchiritsa?" Ndinawayankha kuti ayi, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa, chifukwa miyezi yonse imene ndinkakwera kombi kuchoka kwathu ku Dzivarasekwa kupita m'tauni ya Harare, kuno ku Zimbabwe, kukaphunzira, iwo ankayembekezera kuti tsiku lina ndidzabwera ndi mankhwala a mwana wawo m'thumba.

Ndinabadwira ku Mbare m'banja la anthu ochokera ku Ntcheu. Agogo anga aamuna anafika kuno mzindawu ukutchedwabe Salisbury, anagwira ntchito pafakitale mpaka kukalamba, ndipo kwawo sanabwerereko, moti kumudzi ankawawerengera m'gulu la matchona. Ife tinakula tikulankhula Chichewa m'nyumba ndi Chishona kunja. Mowa ndinauyamba ndili ndi zaka 19 ndipo ndinamwa zaka 20, kuyambira masese, kenako kachasu, mpaka kufika pa zaukali zotsika mtengo zija kuno amazitcha musombodhiya. Mu 2017, tsiku lina Lamlungu m'mawa, ndinakhuthulira pansi zimene zinatsala m'botolo n'kulumbira kuti sindidzalawanso. Tsiku lachiwiri manja ankanjenjemera moti kapu ya tiyi ndinkaigwira ndi manja awiri koma tiyiyo n'kumatayikabe. Usiku wachitatu ndinayamba kuona tizilombo tikuyenda pakhoma, ndipo zimene zinatsatira ndinachita kuuzidwa, kuti ndinagwa n'kumaphupha ngati munthu wakhunyu mpaka achemwali ndi bambo wina woyandikana nafe anandinyamula kupita nane kuchipatala.

Ndinachira, ndipo kuyambira pamenepo nkhani imeneyi ndinaisandutsa chikwapu. Kusosaite yathu ya maliro, kumpingo, ngakhale pamalo okwerera kombi, ndikakumana ndi munthu womwa ndinkamuuza kuti angosiya tsiku lomwelo monga ndinachitira ine, ndipo kunjenjemera kuja ndinkakufotokoza ngati mayesero amene mwamuna wolimba mtima amangowapirira. Zoti malangizo amenewa akanatha kupha munthu ndinazidziwa patapita zaka, ndili m'kalasi. Mowa umafooketsa ubongo, ndipo ubongo wa munthu amene wamwa kwambiri tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali umazolowera kugwira ntchito mopitiriza muyezo kuti ulimbane ndi kufookako. Mowawo ukachotsedwa mwadzidzidzi palibenso chouletsa, n'chifukwa chake pakangopita maola ochepa munthu amayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, m'masiku awiri oyamba akhoza kugwa n'kuphupha, ndipo cha m'tsiku lachitatu ena amasokonekera mutu n'kumaona zilubwelubwe. Mkhalidwe womalizawu umapha ngati munthu salandira thandizo, koma kuchipatala ali ndi mankhwala ouletsa. Namwino amene ankatiphunzitsa atafotokoza zimenezi ndinakhala chete nthawi yaitali, ndikuwerenga mumtima anthu amene ndinawauza kuti angosiya.

Chimene chinandipititsa kumaphunzirowo ndi mphwanga, mwana wa achemwali aja. Sukulu zitatsekedwa nthawi yaitali chifukwa cha mliri wa Covid-19, mnyamatayu anasintha. Ankatha masiku atatu osagona, akusesa pabwalo pakati pa usiku kapena kumasula wailesi n'kuimanganso, kenako n'kugona masiku awiri osadzutsika. Anaonda, ndipo m'nyumba munayamba kusowa zinthu, poyamba ayironi, kenako silinda ya gasi, pamapeto pake foni ya mayi ake. Tsiku lina achemwali akuyala pabedi pake anapeza kachubu kagalasi kokhota, kodulidwa ku babu lamagetsi la mtundu wosunga mphamvu uja, kakuda ndi mwaye mbali imodzi. Iwo sanadziwe ntchito yake, koma ine ndinadziwa kuti ndi mmene anyamata amasutira mutoriro, womwe ena amati guka kapena dombo, ndipo dzina lake lachipatala ndi methamphetamine.

Mwa chikhalidwe chathu nkhani ya mwana wa mlongo wako imafika kwa iwe malume, mwini mbumba, ndipo ngakhale tili kutali ndi Ntcheu mwambo umenewu sitinautaye. Ndinaugwira udindowo ndi manja awiri, koma ndinaugwira molakwika. Ndinamukalipira pamaso pa abale, ndinamuuza kambirimbiri kuti ine ndinasiya ndiye iye akulephera chiyani, tinapereka ndalama kwa munthu wina wopempherera anthu amene analonjeza kuti chiwandacho chituluka m'masiku asanu ndi awiri, ndipo zonse zitalephera ndinamutsekera m'chipinda ndi loko. Usiku umenewo ankakuwa kuti padenga pali anthu amene abwera kudzamupha, ine n'kumaganiza kuti akunama kuti timutsegulire. Anaswa zenera n'kuthawa, ndipo tinamusowa milungu itatu. Lero ndikudziwa kuti mantha amenewo anali enieni kwa iye, chifukwa mankhwalawa pamodzi ndi kusagona amachititsa munthu kumva ndi kuona zinthu zimene palibe, ndipo kumutsekera yekha m'chipinda kunali kumusiya m'manja mwa anthu a padenga aja.

Namwino wa pakiliniki yathu ndi amene anandiuza za bungwe lina limene limaphunzitsa anthu wamba, makamaka amene anadutsamo okha m'mavutowa. Ankafuna munthu amene watha zaka zosachepera ziwiri osamwa, wodziwa kulemba ndi kuwerenga, komanso wokhala ndi kalata yomuchitira umboni. M'kalasi mwathu munali azimayi achikulire, akazi a abusa awiri, anyamata amene anasiya bronko, mankhwala achifuwa aja okhala ndi codeine, ndi ife zidakwa zakale. Tsiku loyamba mphunzitsi anatikhazika awiriawiri n'kunena kuti wina alankhule vuto lake kwa mphindi zisanu, mnzake angomvetsera osamudula, osamulangiza, osamutonthoza. Ine sindinathe ngakhale mphindi imodzi. Mnzangayo atangotchula za ngongole ya lendi ndinayamba kumuuza zochita, ndipo mphunzitsi anandigwira paphewa n'kunena mofatsa kuti, "Bambo, mwamva chiyambi chokha, nkhani yake sanafikepo."

Apa ndinazindikira kuti mawu athu omwe amatisocheretsa pang'ono. Tikati uphungu kapena kulangiza, m'maganizo mwathu mumabwera ankhoswe ndi anamkungwi, anthu amene amalankhula wolangizidwayo ali chete, maso pansi. Mwambo umenewo uli ndi malo ake ndipo sindikuunyoza, koma munthu amene wagwidwa ndi mowa kapena mutoriro wamva kale malangizo kwa mayi ake, kwa abusa, kwa apolisi ndi kwa amalume ake, ndipo chimene sanapezepo ndi munthu womufunsa funso n'kudikira yankho. Tinaphunzira njira imene William Miller, katswiri wa zamaganizo wa ku America, anailemba koyamba mu 1983 atagwira ntchito ndi anthu omwa mowa. Mfundo yake ndi yoti ukamukankha munthu kuti asinthe, iye amayamba kuteteza chizolowezi chakecho, koma ukamulola kuti atchule yekha zimene chikumupatsa ndi zimene chikumulanda, zifukwa zosiyira zimatuluka m'kamwa mwake ndipo amazikhulupirira chifukwa ndi zake. Funso limene linandivuta kwambiri kuliphunzira linali lakuti, "Kodi mankhwalawa amakuthandiza chiyani?" Ndinkaona ngati ndikuyamikira choipa, koma mnyamata wina atandiyankha kuti amamuchotsera njala ndipo amamupatsa mphamvu yonyamula katundu ku Mbare Musika usiku wonse, ndinamvetsa kuti popanda kukambirana za chakudya ndi ntchito palibe chimene tingakambirane za kusiya.

Mbali yaikulu ya maphunzirowo inali yofanana ndi njira ya Friendship Bench, imene ife a ku Harare tiyenera kuinyadira chifukwa inabadwira pakhomo pathu. Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare mu 2006 ndi agogo aakazi 14 amene ankagwira kale ntchito zaumoyo m'dera, pa nthawi imene madokotala ngati iye m'dziko lonse la Zimbabwe sankafika ngakhale 20. Agogowo ankakhala pabenchi lamatabwa panja pa kiliniki n'kumakambirana ndi anthu amene Ashona amati ali ndi kufungisisa, kutanthauza kuganiza mopitirira. Mu 2016 magazini ya zachipatala ya JAMA inafalitsa kafukufuku wochitika m'makiliniki 24 a mu Harare pa anthu 573, ndipo patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa amene anakhala pabenchi pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi amene anali akadali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo kwambiri, pamene mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse anali pafupifupi theka. Chimene chimachitika pabenchipo sichovuta kuchifotokoza koma n'chovuta kuchichita. Munthu amayamba wakhuthula zonse zimene zili mumtima, wothandiza akuzilemba, kenako amamuwerengera mavuto akewo n'kumupempha kuti asankhe limodzi lokha loyambira. Wosankha ndi mwini wake, ngakhale wothandizayo akuona kuti lalikulu ndi lina. Akatero amaganizira limodzi njira zonse zotheka, mwini wake n'kusankhaponso imodzi, ndipo amachoka atagwirizana tsiku, nthawi ndi munthu amene akamuone. Akabwera ulendo wotsatira amayambira pa zimene zinachitika.

Tinaphunziranso kugwiritsa ntchito mafunso 14 otchedwa Shona Symptom Questionnaire, ofunsa za sabata imene yangothayo, kuyankha kwake n'kongoti inde kapena ayi. Ambiri mwa mafunsowo ndi a tulo, maloto oipa, kulira, kupweteka kwa m'mimba ndi kulephera kugwira ntchito, koma awiri ndi amene amaimitsa zonse munthu akayankha kuti inde, lofunsa ngati akuona kapena kumva zinthu zimene ena sakuziona, ndi lofunsa ngati anaganizapo zodzipha. Funso lachiwirili tonse m'kalasi tinkalizemba. Kwathu nkhani yodzimangirira sitiitchula pagulu, ndipo ine ndinkakhulupirira kuti kuifunsa n'kumupatsa munthu maganizo amene analibe. Anatiphunzitsa kuti sizili choncho, kuti kufunsa sikubzala maganizowo, ndipo kawirikawiri munthu amene wawasenza yekha nthawi yaitali amapepukidwa akapeza womuuza. Anatichititsa kulinena mokweza, aliyense m'chilankhulo chimene adzagwiritse ntchito, mpaka mawu atasiya kunjenjemera. Ine ndinalibwereza m'Chichewa kangapo konse: "Kodi m'sabata yapitayi zinafika poti munaganiza zochotsa moyo wanu?" Yankho likakhala inde, sindimusiya yekha, ndimafunsa ngati wakonza kale njira, ndimagwirizana naye za wachibale amene tingamuuze kuti achotse m'nyumba mankhwala a makoswe, a mbewu kapena chingwe, ndipo ndimayenda naye kukamupereka kwa namwino tsiku lomwelo.

Pamenepa ndi pamene satifiketi yanga imathera, ndipo ndimaona kuti kudziwa malire amenewa ndi theka la zonse zimene ndinaphunzira. Ine sindine dokotala, sindinganene kuti munthu ali ndi matenda akutiakuti, sindingapereke mankhwala, ndipo sindingauze munthu kuti asiye mapiritsi amene anapatsidwa kuchipatala ngakhale akudandaula kuti akumulemetsa thupi. Aphungu enieni ndi akatswiri a zamaganizo m'dziko muno amalembetsa ku Allied Health Practitioners Council of Zimbabwe ataphunzira zaka zingapo, ndipo mmodzi wa iwo ndi amene amandiyang'anira. Munthu amene wasokonekera mutu kapena amene thupi lake lazolowera mowa kwambiri ndimamutumiza kukiliniki, ndipo anamwino ndi amene amaona ngati akufunika kupita ku Annexe, chigawo cha odwala maganizo pachipatala cha Parirenyatwa, kapena kuchipatala cha Sally Mugabe, chimene ambirife timachitchabe kuti ku Gomo. Chinsinsi nachonso chili ndi lamulo lake. Zimene ndamva pabenchi sindiuza mkazi wanga, abusa kapena makolo a munthuyo, pokhapokha moyo wake kapena wa munthu wina uli pangozi, ndipo zimenezi ndimamuuza munthuyo tisanayambe kuti asadzaone ngati ndamupereka. M'dera ngati lathu, mmene a Chichewa timadziwana tonse kudzera kumaliro ndi kumpingo, lamuloli ndi lolemera kuposa mmene limamvekera m'kalasi.

Mayeso anali awiri, olemba ndi ochita pamaso pa oyesa. Olembawo ndinakhoza, koma ochitawo ndinalephera ulendo woyamba. Mnzanga ankasewera ngati bambo amene wayambiranso kumwa atasiya miyezi inayi, ndipo atangoti wachita manyazi ndinayamba kumufotokozera za 2017, za tizilombo ta pakhoma, za mmene ndinapiririra. Woyesa anandiuza pambuyo pake kuti pa mphindi 20 zimene tinapatsidwa, zoposa theka ndinalankhula ndine. Anandifotokozera kuti mbiri yanga ndi chifukwa chimene anandilandirira m'maphunzirowo ndipo sakufuna kuti ndiibise, koma ndiziitulutsa pang'ono, pamene munthuyo waifuna, ndiponso m'njira yoti imuthandize kulankhula osati yoti adziyerekeze ndi ine n'kudziona wolephera. Ndinabwereza patapita milungu isanu ndi umodzi, nditakhala kaye pambali pa amayi ena achikulire n'kumaonerera mmene amachitira. Amayi amenewo amatha kukhala chete nthawi yaitali munthu akulira, manja ali pamiyendo, osafulumira kumupatsa mpango kapena vesi. Atandiona ndikutekeseka tsiku lina anangondiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chinthu china chimene sichinali m'mabuku athu koma ndachiona kuyambira pamene ndinayamba ntchito yoyeserera. Agogo ena aakazi anabwera kudzadandaula za mdzukulu wawo amene amasuta chamba ndi kumwa bronko, ndipo ankalankhula Chishona chabwinobwino, mayankho aafupiafupi. Nditamva katchulidwe kawo ndinawafunsa m'Chichewa kuti, "Agogo, kwanu n'kuti?" Anandiyang'anitsitsa, n'kunena kuti ku Dedza, ndipo kuchokera pamenepo nkhani inasintha. Za mdzukulu zinakhala zochepa. Analankhula za amuna awo amene anaikidwa kuno, za ana awiri amene anamwalira n'kuwasiyira adzukulu, za zaka zimene chitupa chawo chinkawasonyeza kuti ndi mlendo ngakhale atakalambira m'dziko lino, komanso za kusowa mudzi wotumizako mwana wovuta monga amachitira anzawo Achishona amene ali ndi kwawo kufupi. Anati, "Mwanangu, mtima wanga sukhala pansi, ndimangoti ndikagona maganizo ayamba." Mawu amenewa sakanawanena m'chilankhulo china. Ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Epworth ndi kuno ku Dzivarasekwa kuli okalamba ambiri otere, ndipo ndikuona kuti ife amene timalankhulabe Chichewa tiyenera kulowa m'maphunzirowa tili ambiri, makamaka azimayi a m'mabungwe a kumpingo ndi akuluakulu a masosaite a maliro, amene anthu amawakhulupirira kale.

Boma linakhazikitsa mu 2024 ndondomeko yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo yofika mpaka 2030, ndipo apolisi amagwira ogulitsa nthawi ndi nthawi. Zimenezo n'zofunika, koma mnyamata akatuluka m'chipatala kapena m'chitokosi amabwerera kumsewu womwewo, kwa anzake omwewo, wopanda ntchito monga analili. Mutoriro ulibe piritsi louthetsera chibaba, ndipo munthu akangousiya amakhala milungu ali wofooka, wokhumudwa, osasangalala ndi chilichonse. Milungu imeneyo ndi imene imafuna munthu wapafupi woti azimuona kawirikawiri, ndipo malo olipira amene amasunga anthu kuti asiye mankhwala amafuna madola amene mabanja athu ambiri sangawapeze.

Mphwanga uja sindingakhale phungu wake. Malamulo a ntchitoyi salola kuthandiza wachibale, ndipo ngakhale akanalola, iye akandiona amakumbukira loko uja. Amene akumuthandiza ndi mnzanga wa m'kalasi, mnyamata amene anasiya bronko, ndipo zimene amakambirana sindizidziwa. Chiyambire mphwangayo wayambiranso kusuta kawiri. Ulendo woyamba achemwali analira ngati pachitika maliro, koma wachiwiri anabwera yekha patapita masiku anayi n'kuwauza mayi ake zimene zachitika, chinthu chimene kale sakanachita. Ine ndinapita kwa iye madzulo ena n'kumupepesa chifukwa cha usiku umene ndinamutsekera, ndipo sanayankhe kanthu.

Loweruka lapitali ndinamuperekeza kugulu limene amakumana ndi anzake osiya mankhwala. Tili m'kombi, cha pakati pa ulendo, anandifunsa osandiyang'ana kuti, "Amalume, chibaba chija kwa inu chinatha liti?" Kale ndikanamuuza kuti chinatha tsiku limene ndinalumbira. Ndinamuuza zoona, kuti chinachepa kwambiri koma chimabwerabe, makamaka pamaliro anthu akamamwa usiku pamoto, ndipo zikatero ndimachoka pamotopo n'kukaimbira foni munthu wina amene amadziwa mbiri yanga. Anagwedeza mutu n'kufunsanso ngati munthuyo amayankha ngakhale usiku, ndipo ndinamuuza kuti amayankha. Titafika iye analowa m'holo, ine ndinakhala panja pa khonde kumudikira mpaka atatuluka.